Ndinkadziwa kuti koko wamuwisi amayabwa

Mundikhululukire, owerenga, kuti sabata inonso ndadzipatsa danga lolankhula pamaso pa anthu ophunzira kundiposa. Sukulu yanga ndi yakumudzi ku Dedza, ndipo ku Kawale kuno ndangotha miyezi isanu, ndikukhala kwa achimwene anga. Koma chimene ndinachita Lolemba chandikana kuchisunga.

Alamu anga amagwira ntchito pa saluni m'tauni, ndipo amanyamuka kusanayere. Kukoleza mbaula nthawi imeneyo ndi nkhondo. Tsono Lolemba madzulo anabwera ndi foni m'manja, nkhope ili mwee.

"Esinati, taona izi. Kadzutsa wosaphika! Ungoviika otsi mumkaka, pamwamba phala la koko, m'mawa n'kudya basi."

Otsi ndi timbewu tophwathalala togula m'sitolo. Timeneto sindinkatidziwa. Koma koko? Ndakulira m'dimba la koko ine. Kwathu ngakhale mwana wosavala amadziwa kuti wamuwisi saikidwa mkamwa.

Ndinafunsa chapansipansi: "Alamu, kokoyu tiyambe tamuwiritsa?"

"Iwenso! Anena kuti zosaphika. Za mbaula uzisiye kumudzi, kuno n'ku Lilongwe."

Anaseka, inenso ndinaseka nawo. Vidiyo imene ankandionetsa pafonipo inali ya Chingerezi chothamanga, ndiye ndinati mwina koko wa m'tauni ndi wina. Ndinasenda, ndinasinja, ndinathira shuga. Manja ankandiyabwa mpaka m'zigongono, koma ndinawabisa m'chitenje. Tinadzaza mabotolo atatu a mayonezi, ndipo poti ife tilibe firiji, ndinakawasiya kwa Mayi Nachisale, oyandikana nafe, amene amasungira anthu a pa poloti yonse zinthu zawo.

M'mawa titakawatenga, woyamba kudya anali Tadala, mwana wa achimwene, wa zaka zisanu. Sipuni ziwiri zokha. Anataya botolo n'kuyamba kukanda pakhosi ndi manja onse awiri, malovu ali chuchuchu.

"Amami, minga! Mkamwa muli minga!"

Milomo inayamba kutupa tikuona. Achimwene anamunyamula osavala ndi nsapato zomwe, n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa kabaza wopita kuchipatala. Alamu ananunkhiza botolo lina, kenako anatulukira pakhomo.

"Mayi Nachisale! Tulukani! Mwaikamo chiyani m'chakudya cha mwana wanga?"

Zitseko zinatseguka. Amayi amene anali pampopi anasiya ndowa zikusefukira. Mayi Nachisale anatuluka atagwira mswachi.

"Amake Tadala, ine? Zaka zonsezi ndikukusungirani ndiwo?"

"Botolo lagona kwanu! Lagona kwa ndani?"

Wina kumbuyo anati, "Paja firijiyi anaigula bwanji?" Inu mukudziwa kumene mawu oterewa amathera m'makomboni mwathu muno. Sathera pakamwa.

Ine ndinali chiimire pakhonde. Ndikayankhula, ndiye kuti ndanena pagulu kuti alamu analakwitsa, komanso kuti ine ndinadziwa n'kusiya mwana adye. Ndikakhala chete, mayi wosalakwa atchedwa dzina limene silichoka ndi sopo. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye.

"Alamu, ndi koko. Sitinamuphike."

"Ukuti chiyani?"

Ndinatulutsa manja m'chitenje. Anali ofiira, otupa, odzaza mikwingwirima ya zikhadabo zanga zomwe.

"Wamuwisi amayabwa ngati chitedze. Ndinkadziwa kuyambira dzulo."

Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali. "Unkadziwa?" Anatembenuka n'kulowa m'nyumba, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

Tadala anabwerako masana, atamupatsa mankhwala, kutupa kukuphwa. Achimwene ataionetsetsa vidiyoyo anapeza kuti mayi wa mmenemo anatenga phala la koko lophikaphika kale. Chosaphika chinali otsi yekha.

Tsono ndifunse: ndife angati amene tinabwera m'tauni ndi nzeru zathu, n'kuzisiya pa depoti ngati katundu wochititsa manyazi? Mtsikana wantchito amaona kuti bowa wagulidwayo ndi wokayikitsa, koma amakazinga poti abwana anena. Wophunzira ukalipentala amaona kuti thabwa ndi lofumbwa, koma amakhoma. Tinaphunzitsidwa kuti wamkulu satsutsidwa, ndipo timati umenewo ndi ulemu. Wanga sunali ulemu. Ndinkaopa kusekedwa kachiwiri, basi. Manyazi anapha lambe, koma anga akanapha mwana wa eni.

Ndipo inu a m'tauni, pepani ndinene mwaulemu. Foni imadziwa zambiri, koma sinalimepo koko. Munthu wofatsa akakufunsani funso kamodzi, motsitsa mawu, dziwani kuti walimba mtima kwambiri kuti afike pamenepo. Mukamuseka, safunsanso. Kodi m'nyumba mwanu muli ndani amene anasiya kufunsa?

Mayi Nachisale anakhala masiku atatu osatiyankha moni. Alamu anandiuza kuti tipite tonse kukapepesa, ndipo ndi iwo amene anagwada pakhomo pa mayiwo, anthu a pampopi akuona. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako analoza ine.

"Amake Tadala ndawakhululukira, anali ndi mantha a mwana. Koma iwe, tsiku lina ukadzakhala chete choncho, sudzapeza woti umupepese."

Anatsegula chitseko kuti tilowe. Linali Lachisanu lapitali, m'mawa, ana asanapite kusukulu.