Chidulo chimene ndinkathira m'ndiwo za amuna anga

Amuna anga anayamba kutupa chaka chimene anabwerako ku chibalo cha msewu. Poyamba anali mapazi, kenako nkhope, moti m'mawa maso ankachita kubisala. Ukadina chala pamwendo, dzenje linkatsala pomwepo. Abale awo ankangoti ndi zaanthu izi, koma ine ndi liuma langali ndinabwereka njinga kwa alongo anga, tinawakweza, n'kumakankha kuchoka kwathu ku Mualadzi mpaka kuchipatala cha ku Chifunde.

Nfermero, namwino wa kumeneko, anawayeza mkodzo n'kunena kuti ndi impso. Mankhwala ochiritsa analibe. Anandiloza chala ine wophikane, nati mchere usayandikire mbale yawo, nsomba zouma zamchere ayi, koma ndiwo zamasamba zowiritsa, madzi oyambawo ndizitaya.

Ndinagwira mawuwo ngati a ku tchalitchi. Kudimba ndinkasankha nkhwani wanthete, bonongwe ndi chisoso, masamba okhwima n'kumasiya. Ndinkawiritsa, kutsanula madzi, kuwiritsanso. Koma abale inu, nkhwani wopanda mchere ndi udzu! Munthu ankatapa kawiri n'kukankha mbale, n'kutembenukira kukhoma. Ndinkawakalipira kuti kodi mukufuna mundisiyire ana atatu ndekha. Mimba inkakula ndi madzi, mikono ikutha.

Ndiye ndinakumbukira chidulo. Kwathu mchere wa kusitolo ukasowa tinkatentha zitsononkho za chimanga, phulusa lake n'kuika mumphika wobowola pansi, kuthira madzi kuti azidontha. Madzi amenewo amafewetsa masamba, ndipo amaluma lilime ngati mchere. Ndinadziuza kuti nfermero waletsa mchere, za phulusa sananene. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Tsiku loyamba lomwelo anamaliza mbale yonse. Ndinalira ndi chimwemwe kuseri kwa nkhokwe. Kuyambira pamenepo therere, chigwada, chilichonse ndinkathira chidulo, ndipo akadandaula kuti miyendo yalefuka, kuti mtima ukudumphadumpha, ndinkati ndi njala yakale ija, n'kuwonjezera ndiwo.

Anamwalira masana, atatsamira chipupa, atangosamba m'manja. Mawu awo omaliza anali akuti, "Mayi a mwana, ndiwo za lero mwaphika."

Pamaliro anthu ananditama. Ngakhale apongozi, amene sitinkamwerana madzi, anati mwana wawo wafa ali wokhuta. Ndinakhala zaka zambiri ndikunyadira zimenezo, ndipo ana anga ndinkawauza kuti bambo awo ndinawasamala mpaka mapeto.

Nditakalamba, mdzukulu wanga wamkazi amene anaphunzira za chipatala ku Tete anabwera kudzaona mnansi wathu wodwala impso. Anapeza mkazi wake akudontheza phulusa, ndipo anakankha mphikawo ndi phazi osapepesa n'komwe. Anati kwa munthu amene impso zake zatopa, chidulo n'choopsa kuposa mchere, chifukwa zimene zili m'phulusa sizituluka ndi mkodzo, zimaunjikana m'magazi mpaka mtima kuima.

Ine ndinali pamphasa pomwepo, ndikusadzula masamba. Ndinasiya kusadzulako. Ndinamufunsa ngati pang'ono chabe, kongolawitsa, kangavulaze munthu.

"Agogo, ngakhale pang'ono pomwe musayese," anatero, n'kupitiriza zake.

Sanandifunse chifukwa chake, ndipo ine sindinamuuze kuti agogo ake aamuna ndinkawathirira chipande chodzaza, kawiri pa tsiku, kwa miyezi itatu.