Mwala Umene Ozella Analoza

Ozella Pruitt analemba mabuku asanu ndi awiri, onse onena za mudzi umodzi, Laurel Bend, m'mapiri a ku Tennessee, ku America. Mudziwo unamira iye ali mtsikana, boma litatseka mtsinje kuti lipange damu la magetsi. Manda okhala ndi zipilala za mayina anawasamutsira kumtunda. Amphawi, amene ankangoikiridwa mwala wa m'munda wopanda dzina, anatsala pansi pa madzi. Pakati pawo panali Willa, khanda la Dovie, mkulu wake wa Ozella.

Ozella ankaphunzitsa sukulu, akaweruka n'kumalemba patebulo la kukhitchini. Owerenga a mumzinda wa New York ankati mabuku ake amanunkha fodya ndi mafuta a nkhumba. Kwawo ankawagula kuti asakemo abale awo, akawapeza n'kukwiya. Buku lililonse linali ndi manda a khanda. M'loyamba anali pansi pa mkungudza. M'lachitatu anasunthira kumpanda, poti nkhani inkakoma choncho. "Bodza la wolemba lilibe mlandu," ankatero akuseka.

Chaka china cha chilala, Ozella ndi Dovie onse awiri imvi zili mbuu, madzi anaphwera mpaka manda aja anaonekera. Inali nyengo yolambula manda, pamene mabanja amapita ndi maluwa ndi nkhuku yokazinga n'kudyera komweko. Dovie anavala chipewa chake cha kutchalitchi.

"Iwe ndiwe unaperekeza maliro, ine ndili chigonere," anatero Dovie atafika. "Ndilozere, mayi wa mabuku."

"Achemwali, pajatu ndi kalekale."

"Kale lake liti? Wadyera mwana wangayu moyo wako wonse, lero ukuti waiwala?"

Ozella anaima pamatope ong'aluka. Mkungudza panalibe, ngakhale chitsa chake. Panali miyala yokhayokha, yakuda, yofanana ngati mbatata. Anatsinzina kuti akumbukire tsiku lija, koma zimene zinkabwera zinali za m'mabuku ake: mvula ya m'buku loyamba, mpanda wa m'lachitatu, nyimbo imene mwina sinaimbidwe n'komwe. Tsiku lenilenilo anali atalifufuta yekha polilemba mobwerezabwereza. Mantha anamugwira.

"Ndi uwu," anatero, akuloza mwala umene unali pafupi.

Dovie anagwada movutikira, napukuta mwalawo ndi mpango wake, n'kuikapo maluwa. "Willa, mwanawe, ndabwera. Amayi ako abwera."

Mvula itagwa, madzi anabwerera. Dovie anamwalira chaka chotsatira mtima uli m'malo, ndipo Ozella sanamuuze kanthu. Iye anakhala zaka zina zambiri, koma buku sanalembenso. Asodzi ankamuona ataima m'mbali mwa damu, akuyang'ana madzi. Ozella ankaganiza za makanda awiri: lina limene linalandira maluwa amene sanali ake, ndi lina limene linamva mawu a mayi ake akuitana dzina lake pamanda a wina.