Dulcie ndi Denga la Malata

Dulcie Harrop analowa m'gulu lathu la okesitira lidakali laling'ono, tikuimbira wailesi m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ine ndinkaliza bezi, choimbira chachikulu cha zingwe, kumbuyo. Iye ankaimba chitoliro chotchedwa obo, pampando wachiwiri. Wachiwiri ntchito yake n'kuthandizira. Mbali yoimba payekha ndi ya woyamba, ndipo woyamba wathu anali Lionel Baskett, munthu wosadwala.

Gulu linakula, anatilemba ntchito yokhazikika, tinayamba kuzungulira matauni a alimi a nkhosa, poyamba pa sitima, kenako pa basi. Dulcie anamera imvi ali pampando womwewo.

"Iwe Lionel, ngakhale kachimfine osakugwira?" ankatero.

"Ndimadya bwino, mayi."

"Tsiku lina ndidzakuphikira ine."

Chaka cha chilala tinapita ku Tallabinda. Panjira Lionel anadya payi ya nyama ya pamalo omwetsera mafuta, ndipo pofika madzulo anali atasamukira m'chimbudzi. Wotiimbitsa, a Keogh, analoza Dulcie.

"Si ine ndaphika," anatero Dulcie, akukhala pampando woyamba.

Holo inali ya denga la malata, yodzaza alimi ovala majekete a paukwati. Nyimbo inafika pa mbali ya Dulcie yoimba payekha. Anakweza chitoliro, mawu oyamba n'kutuluka bwinobwino. Padenga panamveka kadontho. Kenako mvula inakhuthuka, malata ali chiphokoso, ine osamva ngakhale bezi yanga. Alimi onse anakhamukira panja kukaima pamvula, ena kuvina, ena kukagogoda mathanki a madzi kuti amve ngati akudzaza. Kumeneko si mwano.

A Keogh anatsitsa kandodo kawo kotiimbitsira kuti tileke. Dulcie anawaponyera diso, kandodo n'kukweranso. Anaimba mpaka kumapeto, kutsogolo kuli mipando yokhayokha.

"Wandimva, Merv?" anandifunsa titamaliza.

"Ndaona zala zikuyenda."

"Ndaimba bwino kwabasi."

"Umboni wotsutsa ndilibe."

M'basi pobwerera, Dulcie ankadziwa kuti Lionel achira, ndipo anachiradi.

Chaka chotsatira komiti ya holo ija inatiitananso, koma inaika lamulo: aimbe mayi yemwe uja, nyimbo yomwe ija. Lionel anakadandaula kwa wapampando wa komitiyo, mayi Gwen Prowse, kuti woyamba ndi iye.

"Pepani bambo," anatero mayiwo, "koma inu munagwetsapo mvula?"

Matauni ena atamva nkhaniyi anafuna zomwezo. A Keogh anayesa kuwafotokozera kuti chitoliro sichiitana mitambo. Alimi anati akudziwa, koma kuyesa sikulakwa. Kuyambira pamenepo mpaka atapuma ntchito, ulendo uliwonse wa kumidzi mbali ija inali ya Dulcie.

Mvula sinagwenso pa nyimboyo ngakhale kamodzi. Alimi ankakhala duu, khutu lili kudenga, ndipo potero anamumva kuyambira poyamba mpaka kumapeto.