Tsamba Lofufuzira Abale

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Ndinafika ku Mutare ndili pa ulendo wa ku Joni, monga anzanga ambiri a kwathu ku Balaka, nditanyamula satifiketi ya zamakompyuta imene kwathu inalephera kundipezera ngakhale ganyu. Azakhali anga a ku Gimboki anandisunga milungu iwiri, kenako ndinalowa m'tauni kukadula tikiti pa kaofesi kena ka banja lachisilamu limene makolo ake anachoka ku Malawi kalekale. Anali ndi mabasi awiri opita ku Joni, onyamula anthu ndi katundu.

Mayi wa pa kauntala, Mai Chikomo, anadina batani kuti aone mipando yotsala. Kachizindikiro ka pa kompyuta kanayamba kuzungulira, nkuzungulira, nkuzungulirabe. Ine chipiriro ndilibe kuyambira ndili mwana, ndiye ndinangoti, "Amene anakulemberani webusaiti imeneyi amadana nanu."

"Analemba ndi mwana wa mlongo wanga," anayankha munthu kumbuyo kwanga.

Nditatembenuka ndinaona bambo wachikulire wovala kachipewa koyera. Anali Che Amidu, mwini mabasiwo. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Iwo anangondiyang'ana nkufunsa m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chishona, "Nhai mwanangu, iweyo ungachite zoposa pamenepa?" Ndinavomera, chifukwa kukana kukanakhala manyazi achiwiri. Anandipatsa katebulo pakona ndi mwezi umodzi woyesedwa. Ku Joni sindinapiteko mpaka lero.

Mphwawo anali atasamukira ku Harare, atasiya khodi ya PHP, malangizo olembedwa oyendetsa webusaiti, imene imalankhula ndi detabesi. Detabesi ndi kaundula wamkulu wa pa seva, kompyuta imene imasunga webusaiti. Mwathumo munali mayina a okwera onse, manambala a foni ndi a pasipoti, tsiku la ulendo, ndi malo okwerera. Nditatsegula mafayilo ndinagwira mutu. Tsamba loonetsa mipando linkatsegula njira yatsopano yopita ku detabesi pa mpando uliwonse, kufunsa funso limodzi, kutseka, nkutsegulanso ina. Tsamba lililonse linkalowa ndi akaunti yaikulu imene ingathe kufufuta zonse, ndipo pasiwedi yake inalembedwa m'fayilo iliyonse komanso pa kapepala pansi pa kiyibodi ya Mai Chikomo. Choopsa kwambiri chinali chakuti mawu amene munthu walemba m'bokosi la pa webusaiti ankangomatidwa ku funso la SQL momwemo. Munthu wodziwa akanalemba lamulo m'malo mwa dzina, detabesi nkumumvera.

Tsamba limene Che Amidu ankalinyadira kuposa onse linali lofufuzira abale. Bambo awo anawasiyira lamulo lakuti Mmalawi akabwera kudzafunsa m'bale wake, sabwezedwa. Anthu athu ambiri amatchona, amachoka kumudzi nkungoti zii zaka ndi zaka. Ndiye pa tsambalo aliyense ankalemba dzina, nkuona ngati munthuyo anakwerapo basi yathu, tsiku liti, ndi malo okwerera. Che Amidu sankatopa kukamba za mayi wina wa ku Mangochi amene anapeza mwana wake m'njira imeneyi.

Ndinawaitana tsiku lina, ndinalemba timawu tochepa m'bokosilo, ndipo mayina onse a m'detabesi anatsanuka pa sikirini ndi mapasipoti omwe. Ndinkayembekeza kuti adumpha. Iwo anangoti, "Aiwa, angachite zimenezo ndani? Anthu athu ndi osauka, si mbava." Anandilola kulemba khodi yatsopano pa laputopu yanga, koma ya pa seva anati ndisaigwedeze mpaka nyengo ya maulendo ambiri itatha. Ndinapsa mtima, koma ndinali wa mwezi woyesedwa, ndinameza.

Milungu itatu ndinagwira ntchito imene mpaka pano ndimainyadira. Ndinalemba fayilo imodzi yokha yolumikizira detabesi pogwiritsa ntchito PDO, kuti tsamba lizitsegula njira kamodzi basi. Mafunso onse ndinawasandutsa okonzeratu: funso limapita lokha lili ndi mipata, mawu a munthu nkupita padera, moti kaya alembe chiyani, detabesi imawatenga ngati mawu wamba, osati lamulo. Webusaiti ndinaipangira akaunti yakeyake yosatha kufufuta tebulo, pasiwedi nkuisamutsira kunja kwa foda imene anthu a pa intaneti amafikako. Mipando yonse ya basi inayamba kubwera ndi funso limodzi. Ndinaikanso maindekisi pa dzina ndi pa tsiku la ulendo, amene amathandiza detabesi kulunjika pa mzere wofunika m'malo mowerenga kaundula yense. Tsamba lofufuzira abale sindinalichotse. Ndinalisintha kuti lisamaonetse kanthu, lizingolandira dzina ndi uthenga, ofesi nkumaufikitsa kwa mwini wake. Zonsezi zinkayenda bwino, koma pa laputopu yanga yokha.

Lachitatu lina kunabwera mayi amene ndimutchule kuti Patuma, ngakhale si dzina lake. Chichewa chake chinali cha munthu wongofika kumene. Anali ndi mwana kumbuyo, ndipo dzanja lamanzere analikulunga ndi nsalu, osaliwongola. Anadula tikiti ya Loweruka, napempha kuti akakwerere ku Zimunya, osati m'tauni. Atamva kuti ndine wa kumudzi anasendera ku katebulo kanga.

"Achemwali, dzina langa lioneka pa foni ya munthu wina?"

Ndinamufunsa chifukwa chake.

"Ulendo wapita ndinadula tikiti konkuno. Bambo a mwanayu anandipeza pa siteji basi isanafike. Anandionetsa pa foni, dzina langa, tsiku, ndi malo." Anakweza dzanjalo pang'ono. "Akandipezanso sindikhala moyo."

Tsamba limene ndinkaliyang'ana tsiku ndi tsiku linali litamupereka kale kamodzi. Kumulemba dzina lina sikukanatheka, chifukwa mndandanda wa okwera uyenera kufanana ndi mapasipoti pa malire. Kungomubisa pa tsamba lakale nakonso kunali kudzinamiza, poti bowo lija lotulutsira mayina onse linali pululu. Ndinapita kwa Che Amidu nkuwafotokozera zonse monga mmene anandiuzira. Anasisita ndevu. Kenako anati, "Ika zako zatsopanozo. Koma Lachisanu zisafe."

Lachinayi ndinatenga kope la detabesi yonse nkulisunga pawiri, ndinakweza mafayilo atsopano pa seva, ndinayesa tsamba lililonse. Zonse zinayenda, poti Lachinayi anthu amakhala ochepa. Ndinabwerera ku Gimboki ndikudziona ngati katswiri.

Lachisanu ndi tsiku la amayi a bizinesi. Pofika chakumasana mzere unali utatuluka pakhomo, ena akudula matikiti pa mafoni ali kunyumba, ndipo webusaiti yanga yatsopano inayamba kukwawa kuposa yakale ija. Mai Chikomo ankadina batani ngati akupha nyerere. "Sisi, chinhu chako chafa!" anakuwa pamaso pa anthu onse. Mayi wina pa mzere anati akapanda kupeza mpando akwera basi ya anthu ena, anzake nkuvomereza.

Che Amidu anali akukonzekera kupita ku mzikiti. Anaima pa katebulo kanga. "Bwezera zakale, mwanangu. Tidzayesanso mwezi wamawa."

"Zakale sindibwezera, bambo."

Ndinali ndisanawayankhepo chotero. Ndinapitiriza kuti ndikabwezera zakale, dzina la Patuma ndi Zimunya zionekanso pa foni ya aliyense. Anandiyang'ana mokwiya ndithu. "Ndikabwera ku Juma ndipeze zikuyenda," anatero, natuluka.

Ndinatsegula logi ya seva, mmene mumalembedwa zonse zochitika, nkupeza funso limene linkachedwa. Ndinaliyesa ndi EXPLAIN, lamulo limene limaonetsa njira imene detabesi ikudutsa poyankha. Yankho linandichititsa manyazi. Detabesi inkawerenga mzere uliwonse wa matebulo awiri, kuyambira tsiku limene webusaiti inabadwa, pa munthu aliyense wofunsa mpando. Maindekisi anga kunalibe. Ndinawapanga pa laputopu, koma pa seva ndinangokweza mafayilo, nkuiwala kuwapanganso pa detabesi yeniyeni. Panalibe mphwa wa munthu woti ndimunamizire, cholakwa chinali changa ndekha.

Ndinauza Mai Chikomo kuti zonse ziima kwa kanthawi. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, koma anatenga kope ndi bolopeni nkuyamba kulemba mayina pamanja. Ndinalemba malamulo opangira maindekisi, ndinawawerenga kawiri, nkudina. Ndinadikira. Atatha ndinatsegula tsamba la mipando, ndipo linabwera ndisanachotse chala pa batani. Mai Chikomo anayesa kwawo, anayesanso, kenako anaseka. "Hezvo! Ndiye unkabisa kuti liwiro limeneli?" Mzere unayamba kusungunuka.

Logi ija inali ikadali yotsegula, ndipo maso anga anagwera pa chinthu china. Kuyambira m'mawa, munthu wina ankalemba dzina la Patuma pa tsamba lofufuzira abale, mobwerezabwereza. Ataona kuti sakupeza kanthu, anayamba kulemba timawu tachinyengo tonga timene ndinawaonetsa Che Amidu. Kaya anali mwamunayo, kaya anapeza womudziwira, sindikudziwa. Koma zonse zimene analemba, khodi yanga inazilandira ngati dzina lachilendo la munthu nkuyankha mwaulemu kuti siyani uthenga. Ndinakhala pamenepo ndikuwerenga mizere imeneyo, ndikumwetulira ndekha.

Che Amidu atangobwera ku mzikiti, pakhomo panalowa bambo wina wooneka bwino, malaya osita, nsapato zopolisha. Anapereka moni mwaulemu wonse, manja awiri. Anati akufuna mkazi wake, natchula dzina la Patuma. "Kwagwa zovuta kumudzi. Apongozi anga atisiya. Ndikufuna ndimuuze ndekha asanapite kutali."

Amene anakulira pakati pa anthu athu akudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Uthenga wa maliro suchedwetsedwa, ndipo woubweretsa safunsidwa mafunso. Mai Chikomo anapepesa m'Chishona, "Nematambudziko," dzanja lawo likupita lokha ku kiyibodi. Che Amidu ananena mawu a pemphero chapansipansi. Khodi yanga inali itatseka khomo la pa intaneti, koma apa munthu anali atalowera pa khomo lamatabwa, ndipo panalibe funso lokonzeratu loti limuletse.

Ndinaimirira. "Pepani ndi zovutazo, bambo. Lembani uthengawo apa. Ngati munthuyo anakwerapo basi yathu, tiufikitsa lero lomwe."

"Ndine mwamuna wake."

"Ndiye nambala yake muli nayo."

Pakamwa pomwe paja. Bamboyo anatembenukira kwa Che Amidu. "Bambo, kodi pano akulamula ndi mtsikanayu? Tinayamba liti Amalawi kubisirana maliro? Bambo anu sanali otero."

Ndinaona kuti mawuwo awalasa. Anayang'ana pansi, anayang'ana ine, anayang'ananso mlendoyo. Ndinadziwa kuti akangonena mawu amodzi kwa Mai Chikomo, ntchito yanga yonse ya milungu itatu ithera pomwepo.

"Maliro sitibisa, mwanangu," anatero pomaliza. "Uthenga siya, ufika. Koma kumene kuli munthu, ofesi ino sinenanso."

Ulemu wonse unatha pa nkhope ya bamboyo. Anamenya kauntala mpaka bolopeni inagwa, anatitukwana tonse atatu, natuluka osalemba ngakhale liwu limodzi. Komabe ndinamuimbira Patuma, chifukwa mwina maliro analikodi, ndipo kumubisira kukanakhala kumulakwira. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Amayi ndalankhula nawo m'mawa uno. Ndi amene akundiuza kuti ndichoke ndikadali ndi moyo."

Loweruka bamboyo anaima pa siteji ya m'tauni, akuyang'ana nkhope ya mayi aliyense wokwera, mpaka basi inanyamuka. Che Amidu anali atamuuza dalaivala kuti ku Zimunya aime pang'ono chabe, ndipo akaona galimoto yowatsatira adutse osaima. Ine ndinakhala pa katebulo kanga ndikuyang'ana foni, osatha kugwira ntchito iliyonse. Uthenga wa dalaivala unabwera wa mawu atatu: "Akwera ndi mwana." Ndinalowa m'bafa nkukalira, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Ndinagwira pamenepo zaka zinayi. Chiyambire tsiku limenelo sindikweza khodi popanda mndandanda wa zoyenera kusintha pa detabesi yeniyeni, ndipo ndimauwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu, anzanga aziseka. Koma chachikulu chimene ndinatenga ndi china. Ndisanalembe funso lililonse lopita ku detabesi, ndimadzifunsa kuti yankho lake likafika m'manja mwa munthu woipitsitsa amene angalifune, avutike ndani. Tsamba lija linalembedwa ndi mtima wabwino, ndipo linathyoletsa mayi dzanja.

Anthu amandifunsa ngati Patuma anafika bwino, ngati anapeza ntchito, ngati mwana uja ali pa sukulu. Sindikudziwa. Sanaimbenso, ndipo ine sindinamufufuze. Kumene ali sindikukudziwa, mwamuna uja sakukudziwa, ndipo palibe amene anakudziwira kudzera pa khodi imene ndinalemba ine.