Belu la Njinga ya Bambo Anga

Anzanga, lero ndikuuzeni za Domingo. Amene mumamudziwa musavutike kumutaga, nkhani yake akuidziwa bwino.

Tinakumana pamsika wa Mandava mu November, dzuwa likuswa mtengo. Ndimasankha masuku, ndinangomva kumbuyo kwanga:

"Iwe si Estere, mwana wa a Nehemiya a mafiriziti?"

Chichewa chenicheni! Kuno ku Zvishavane anyamata amsinkhu wathu ambiri amathera pa "muli bwanji", kwinako ndi Chishona. Ndinacheuka. Mnyamata wamtali, ovolosi yatsopano, akuti amagwira ntchito kumgodi wa golide wa Gaika, ku Kwekwe.

"Bambo anga mumawadziwa?"

"Ah, iwe! Belu lawo lija angaliiwale ndani? Ngriii... kho!"

Anzanga, masuku ndinawasiya pomwepo. Ndinagwa m'chikondi ngati chitsiru.

Ndikufotokozereni. Bambo anga ankagwira ntchito kumgodi. Nyengo yotentha ikafika, huta ya kuweruka ikangolira, ankamangirira bokosi la mafiriziti, timadzi totsekemera toundana m'timapulasitiki, panjinga n'kumazungulira m'malaini. Belu lawo linali long'aluka, anagwa nalo panjanji, ndiye linkalira mosiyana ndi mabelu onse. Ana tikalimva tinkathamanga opanda nsapato, dothi likuwotcha kumapazi. Ine ankandisungira firiziti yofiira, yosungunuka kale theka, ndipo ndinkaiboola ndi mano pakona.

Ubwana wanga wonse unali phokoso. Nyenje masana mpaka m'makutu kuwawa. Achule mungalande mvula ikagwa. Ngumbi zikuuluka pa tower light, ife ndi mabeseni a madzi, tikukuwa ngati tapenga.

Bambo atamwalira ndi chifuwa, njinga inagulitsidwa. Belu ndinalimasula ndekha n'kulibisa m'sutikesi. Chinthu chawo chomwe ndinatsala nacho n'chimenecho basi.

Zonsezi ndinamuuza Domingo. Ankaimba foni kuchokera ku Kwekwe n'kumati:

"Babe, tandiuzenso za firiziti yofiira ija."

"Koma ndinakuuzatu dzana."

"Ndimangokonda mmene umafotokozera. Ndiye anagwa pati paja? Panjanji?"

Ine kumati ndapeza mwamuna womvetsera. Osadziwa kuti munthu akuloweza ngati mwana wa Grade Seven!

Tsiku lina atabwera kwathu ndinamuonetsa belu lija. Linali litachita dzimbiri, silinkalira.

"Ndipatse ndikalikonze ku workshop," anatero. "Ndidzabwera nalo tsiku limene amalume adzabwere kudzaonekera kwa amayi ako. Tidzaliliza pageti."

Ndinalira, anzanga. Ndinamupatsa ndi manja awiri.

Mvula inatha, kuzizira kunabwera n'kupita, amalume osaoneka. Za belu ndikafunsa, yankho limodzimodzi: "Spring yake ikusowa, babe, relax."

Kutentha kutayambiranso ndinakwera kombi kupita ku Kwekwe osamuuza. Nditatsika cha ku Gaika, foni yake inali yozima. Ludzu linandigwira, ndinayamba kufunafuna takishopu. Ndipamene ndinamva...

Ngriii... kho!

Kwa kamphindi ndinali mwana uja, ndikudikira bambo atulukire pakona.

Ndinalondola. Belu la bambo anga alikhomerera pawindo la takishopu, makasitomala aziliza akafuna buledi. Kamwana kamamina kakuliseweretsa. Mkati munatuluka mtsikana wooneka bwino, wamimba yoonekera kale. Dzina lake linali pachikwangwani: Pretty.

"Sisi, toda kukupai chii?" anatero, kufuna kudziwa chomwe ndigule.

Ndinamufunsa m'Chishona komwe anatenga belulo. Nkhope yake inawala.

"Ndi la fiancé wanga, Dom. Linali la malemu bambo ake, shame. Ankagulitsa mafiriziti ku Zvishavane. Akuti ankamusungira yofiira, yosungunuka theka. Tsiku lomwe anandiuza analira, sisi, inenso ndinalira. Ndinadziwa kuti uyu ndiye mwamuna."

Mwamva, anzanga? Malemu bambo ake!

Bambo ake a Domingo, a Gedion, ali moyo. Ndinawasiya m'mawa womwewo atakhala pakhonde la bhawa, komwera mowa kuja, ku Mandava akusewera bawo, athanzi kuposa ine.

Domingo anatulukira atanyamula kireti ya zakumwa. Atandiona, kireti inatsala pang'ono kugwa.

"Estere... it's not what you think."

"Pepanitu ndi maliro," ndinatero m'Chichewa. "A Gedion amwalira liti? Ife kumalaini sitinamve."

"Iwe, tsitsa mawu, tikambirane kuseri."

"Ndabwerera belu. Iweyo ndilibe nawe ntchito."

Ndinabwereka mpeni kwa Pretty. Anandipatsa asakumvetsa kalikonse. Ndinamasula masikuluwu pang'onopang'ono, Domingo atangoima poteropo thukuta lili kamukamu. Kenako ndinamuuza mtsikanayo zonse m'Chishona, kuti pasatayike liwu ngakhale limodzi. Ndinamupatsanso nambala ya apongozi ake omwalirawo kuti awaimbire, amve okha akutsokomola.

Pretty sindimuda. Anakonda bambo anga ngati mmene ndinkawakondera ine, kungoti Domingo anamunamiza kuti mwana wawo ndi iyeyo.

Koma Domingo, ayi. Kukhala ndi chibwenzi china n'zoipa, koma zimachitika. Uyu analibe n'chimodzi chomwe chake chokopera mkazi, mpaka kuika bambo ake m'manda ali moyo n'kubwereka anga. Mwamuna wanji wosauka mpaka ubwana?

Belu lili pano pawindo langa. Spring ija anaikonzadi, ndisamunamizire. Koma chimene chimandipweteka n'chakuti ndikaliliza, asanabwere bambo m'maganizo mwanga, imayamba kubwera nkhope ya galu ameneyo.

Anzanga, munthu akamakufunsani kawirikawiri za akufa anu, muziyamba mwamufunsa za amoyo ake.