Tsiku Limene Amayi Anatsuka Mfuti

Mboni zanga ndi zitatu, ndizitchuliretu. Amayi alipo ku Kawale, mukhoza kuwafunsa, kungoti masiku ano amamva zokhazo zimene akufuna. Aphunzitsi amene tinkagawana nawo mpanda aliponso. Amalume anatisiya, koma akanakhalapo bwenzi akugwedeza mutu.

Chinthucho chinali kamfuti kakuda ka m'manja, kopangidwa ku China, kokhala ndi nyenyezi pachogwirira. Kankagona m'sokosi, m'chitini cha mabisiketi, pansi pa bedi la amalume, ndipo kankanunkha mafuta a makina osokera. Kulemera kwake, ndikulumbira, tsiku lina katagwa pansi inang'aluka ndi simenti. Kamfutiko sikanadziwe n'komwe kuti kagwa.

Amalume anali msilikali, mmodzi mwa amene ankalondera njanji ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Anabwera kudzakhala nafe nyengo ya mango, atawonda moti lamba ankawazungulira kawiri. Zipolopolo analibe, amayi anachita kuwasecha ngati pa rodibuloko. Vuto linali kudya. Mbale inkabwerera mmene yapitira, iwo ali pakhonde, maso ali kumpanda. Amayi ankaitenga mbaleyo n'kukaima nayo nthawi yaitali kuseri kwa khitchini.

Aphunzitsi, mopanda choipa mumtima, anauzako za kamfutiko mnzawo wina wa ku Area 18 amene ankatolera zinthu zakale zankhondo: zipewa zachitsulo, mamendulo, mipeni ya pamfuti. Bamboyo anabwera pa galimoto Loweruka lina. Kamfutiko anakanyamula ndi kansalu koyera ngati akulandira khanda kuchipatala.

"A China akale sankasewera," anatero. "Iyi mukhoza kuikwirira m'matope, kudzala chimanga pamwamba, kukolola, kuifukula, iwombabe. Koma mtengo wake uli pa kudaku. Musaipukute, musaikande ngakhale ndi chikhadabo."

Kenako anakokera mpando pafupi. "Nanga bwana msilikali, munaipeza bwanji?"

Amalume sankatha kukanira munthu wowatchula bwana. Anafotokoza za mnyamata wina wa mbali inayo, wopanda ndi ndevu zomwe, amene anamusiya atagona m'mbali mwa njanji. Ine ndinangomvapo zoti amalume anapambana. Galimoto itachoka, amalume anapita kuseri kwa nyumba n'kukasanza madzi okhaokha.

Loweruka lotsatira bamboyo anabweranso, ndi anzake. Ankati mfuti yopanda nkhani ndi chitsulo chabe, ndiye nkhaniyo inenedwenso, pang'onopang'ono. Mtengo unkakwera, amalume ankatsika. Kugulitsa osagulitsa, kukana osakana. Ine ndinali mbali ya bamboyo ndi mtima wonse, chifukwa anali atandisisita mutu n'kunena kuti malonda akatheka ndivala nsapato za mpira. Kalasi yonse inali itadziwa kale, mpaka saizi.

Apa ndinene za amayi ndi mapoto. Mapoto athu ankawala moti oyendetsa ndege zopita ku Lumbadzi ankakhotera pa thandala lathu. Izi aphunzitsi akhoza kuchitira umboni, anamuonapo mmodzi akubayibitsa.

Loweruka lina m'mawa, amalume atapita kukameta, amayi anandituma mchenga wa kumtsinje. Nditabwera nawo ndinapeza ayala chiguduli, phulusa lili pambale, kamfutiko kali pamiyendo pawo. Anayamba kukwecha. Anakwecha osaimba nyimbo, chikhalirecho amayi sankatsuka ngakhale supuni osaimba. Madzi akuda ankayenderera m'zigongono. Ndinalira, ndinagubuduka m'fumbi, ndinawakumbutsa za chikhadabo. Sanandiyang'ane. Kuda kutatha, anakanda simenti yotsala pokonza pansi paja n'kuitsendera mumpope mwake ndi kamtengo.

Bambo wa ku Area 18 anakapeza kali pathandala, kakuuma pakati pa masupuni, kakuwala ngati ketulo ya paukwati. Anagwira mutu ndi manja awiri.

"Mayi, mwachita chiyani?"

"Ndatsuka, bambo. M'nyumba mwanga simukhala chitsulo chakuda. Muli ndi zina kwanuko? Bweretsani, mchenga ulipo."

Galimoto ija inachoka chobwerera m'mbuyo mpaka ku Area 18. Sinabwerenso.

Kunena chilungamo, bamboyo sankanama. Masiku ano ndimaona pafoni mmene anthu a kunja amalimbirana timfuti timeneti, tikakhala ndi kuda kwake kwa kufakitale ndi nyenyezi yosakandika. Amayesa ndi galasi lokuzira. Ndinawaonetsapo amayi. Anayang'anitsitsa chithunzicho n'kunena kuti akazi a kumeneko ndi aulesi.

Amalume anafika masana, mutu uli mbee. Anaima pathandala nthawi yaitali. Kenako anayang'ana amayi, amene ankabisa manja m'chitenje. Amalume anawatulutsa manjawo m'chitenjemo. Nsonga za zala zinali zitasupuka, magazi akuoneka m'zikhadabo.

"Achemwali," anangotero.

Anakhala pansi, pafumbi pomwepo, munthu wamkulu, msilikali, n'kuyamba kulira atagwira manja a mlongo wawo. Sindinali nditawaonapo akulira, ndipo zinandikhudza kuti pomaliza wapezeka wina womva kuwawa kwanga. Ndinathamangira m'nyumba n'kubwera ndi polishi wakuda wa nsapato ndi burashi.

"Musalire amalume, tiidetsanso. Sadziwa."

Anandiyang'ana, misozi ili mbwee, n'kuphulika kuseka mpaka kutsokomola. Atapuma anafunsa amayi ngati m'nyumba muli chilichonse choti munthu n'kuika mkamwa. Anadya mbatata zonse za m'poto, n'kumalizira mango anga amene ndinabisa padenga.

Ine ndinakhala pambali ndi burashi yanga, nditakwiya. Ndinkadabwa kuti munthu amene wangoonongeredwa chinthu chodula chonchija njala akuipeza kuti.