Dontho la penti woyera

Kukamacha, a Ngodya ankakhala atafika kale pakhomo la shedi ya matabwa, kiyi ali m'manja. Akatsegula ankavula chipewa, kunena pemphero lalifupi, nkupita pa macheka amagetsi, aja otsitsa ndi dzanja odulira ngodya za mafelemu. Dzinalo linachokera pomwepo. Felemu yodula iwo inkakumana pangodya osasiya mpata ngakhale wolowa tsitsi.

Asanayatse makina ankapukuta utuchi ndi kansanza, nkuika sikweya pa mpeni kuti aone ngati waima bwino. Kumbuyo kwa makinawo kuli bawuti yomwe imagunda pa kachitsulo kosuntha. Kachitsuloko kakakhala pamalo pake, mpeni umalekera pakati pa thabwa nkusiya kangalande kolowetsamo shelefu. Kakakankhidwira pambali, mpeni umadula mpaka kutulukira kunsi. A Ngodya ankapotoza bawutiyo pang'onopang'ono, kuyesa pa chidutswa chotaya, nkupisa chikhadabo m'kangalandemo. Ankati tepi yoyezera imanama, koma chikhadabo ayi. Mmisiri mnzawo, yemwe onse ankamutcha a Phuma, ankawaseka kuti amalonjera makina ngati afika kwa apongozi.

Zaka makumi atatu zinatha motero. Akazi awo anatsogola, ana anabalalika ndi ntchito. Kunyumba kunatsala mpando umodzi ndi wailesi, ndipo shediyo ndiyo inasanduka kwawo.

Kenaka m'maso munayamba ng'ala. Manambala a pa makina ndiwo anayamba kusowa, koma sanadandaule, poti dzanja linkadziwa pomwe ngodya iliyonse imagwera. Chomwe chinkawavuta chinali kachitsulo kaja, kakuda pa makina akuda. Kuchipatala anawalemba pa mndandanda wautali nkuwauza kuti adzawaitana.

Tsiku lina mayi wina anabweretsa matabwa anayi a mtengo womwe malemu bambo ake anabzala pakhomo, kuti amupangire kabati. Ena oterowo kunalibe. A Ngodya anakonza makina m'mamawa monga mwa nthawi zonse, anayesa kawiri, chikhadabo chinavomera. Atapita kuseri kukamwa tiyi, a Phuma anabwereka machekawo kuti adule thabwa lawo, nakankhira kachitsulo pambali, osakabwezera.

A Ngodya atabwerako anayang'ana kumbuyo kwa makina, naona mdima womwe ankauona masiku onse. Anaika thabwa la mayi uja nkutsitsa mpeni. Khutu ndilo linayamba kudziwa, koma dzanja linali litafika kale pansi. Thabwa linagwa zidutswa ziwiri.

Mwini shedi anali mwana wa malemu bwana wawo, yemwe a Ngodya anamunyamulapo ali wakhanda. Anatola zidutswazo, nazitembenuza, nayankhula motsitsa mawu.

"Madala, maso atha awa. Lero ndi thabwa, mawa likhala dzanja. Ine ndidzawauza chiyani ana anu?"

A Phuma anali pomwepo, maso ali pa nsapato zawo. A Ngodya anadikira pang'ono kuti mwina mnzawoyo atsegula pakamwa. A Phuma sanaulule, ndipo a Ngodya nawonso sanatchule munthu. Anangopempha kuti akapepese okha kwa mayi uja, ndipo anapitadi, chipewa chili m'manja.

Mwini shedi sanawachotse ntchito. Anawapatsa sanipepa yokwechera matabwa ndi benchi pakona, pafupi ndi khomo, kiyi nkuperekedwa kwa a Phuma. Mpaka lero amafika kukamacha, nkuima panja kudikira kuti awatsegulire. Pemphero amanenabe. Makina akamalira iwo amadziwa kuti mpeni wazama kwambiri kapena wapendekeka, ndipo dzanja limaima pa thabwa, kenaka nkupitiriza kukwecha. Palibe amawafunsa. Kuchipatala sanawaitanebe, ndipo diso lamanzere latsekeratu.

Pa shelefu ya pamwamba pa benchi lawo pali chitini cha penti woyera, chotsala pa mazenera ena. Mu shedimo lamulo linali lakuti munthu asapake kapena kulemba kanthu pa makina popanda mwini kulola, ndipo a Ngodya sanali munthu wolumpha lamulo. Chaka chathunthu thabwa lija lisanaduke, anatsatira mwini shedi mpaka pa galimoto, nayankhula mwaulemu ngati akupempha chinthu chachikulu.

"Bwana, mundilole ndidonthetze penti woyera pa kachitsulo kaja. Dontho limodzi lokha, kuti ndizikaona kakasuntha."

Mwini shedi anali pa foni. Anakweza dzanja kuti adikire, nalowa m'galimoto.